Wa ku Maramba Sanamve za Maliro

Amayi anga anali munthu woseka, koma mutatenga zithunzi zawo zonse zimene tili nazo pakhomo n'kuziyala pamphasa, mungalumbire kuti anali wapolisi wosaka akuba ng'ombe. Akangoona kamera ankamanga nkhope, milomo ndwii, maso tong'oo. Ankati mkazi waulemu saonetsa mano kwa galasi. Pa chithunzi cha ukwati wawo akuoneka ngati atate angowaponda phazi. Pa cha ubatizo wanga andinyamula ngati katundu wogwidwa pa malire. Chonsecho mayi ameneyu ankaseka mpaka kutsika pampando n'kukhala pansi, akupukuta misozi ndi chitenje, oyandikana nafe ku Maramba kuno, komboni yathu ya mu Livingstone, akufunsa kuseri kwa mpanda kuti kwagwanji.

Nkhani ya zithunzi inavuta pamene tinaganiza zowaikira mwala pamanda. Wosema miyala wa pafupi ndi msika anatiuza kuti masiku ano anthu amaika kachithunzi pamwala, kozungulira ngati dzira, kowotcha pa dothi losalala kuti kasasuluke ndi mvula. Anati chithunzicho amachitumiza ku Lusaka, ndiye tim'patse mwezi usanathe. Tsiku lovundukula mwala linali litalengezedwa kale kutchalitchi, achibale a ku Katete atauzidwa. Ndinatulutsa zithunzi zonse m'sutikesi n'kuwayalira atate. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, akuzibweza ngati munthu wokana tomato wowola.

"Uyu si mkazi wanga," anatero. "Anthu odutsa kumanda adzati mayi uyu anafa ndi nkhanza za mwamuna wake. Ine ndinakwatira munthu woseka. Pamwala paja pakhale munthu amene ndinakwatira."

Chithunzi chimodzi chokha padziko lonse chinawagwira amayi akuseka. Iwo ankachapa ndi kusita pa loji ina ya m'mbali mwa msewu wa Nakatindi. Tsiku lina mwini loji anabweretsa wojambula kuti atole zipinda, dziwe losambira ndi antchito, aziike pa webusayiti alendo akunja azikopeka. Amayi anali kuseri akuyanika nsalu za pabedi. Ndiye nyani wina, mwa anyani opanda mwambo a m'tauni muno, anatsika padenga n'kuzula wigi ya mayi manejala, kukakhala nayo pamwamba pa thanki ya madzi akuifunafuna nsabwe. Amayi anaseka mpaka kugwirira chingwe choyanikira, ndipo wojambula uja anawatola pomwepo.

Chithunzicho chinakhala pa webusayiti ya loji zaka zingapo. Atate ankakonda kuti ndiwatsegulire pa foni yanga, koma mobisa, chifukwa mwini wake ankadana nacho koopsa. "Mano onse pabwalo ngati mutu wa mbuzi wowaula!" ankatero amayi. "Ndikachipeza m'foni ya munthu, foniyo ndikaiponya m'chimbudzi." Tinkawadziwa kuti sanama, choncho palibe anachisunga. Tinkati chili pa intaneti, chingapite kuti? Kenako mliri uja unabwera, alendo anasiya kufika, loji inatsekedwa, mwini wake anabwerera kwawo. Nditapitako kukafunsa ndinangopeza geti ya dzimbiri ndi mbuzi za eni zikudya maluwa. Webusayiti nayo inali itazima.

Ine ndimagwira ntchito yolandira alendo pa nyumba ina yogona m'tauni, ndiye pakhomo pathu ndine wodziwa makompyuta. Udindo umenewu ndi tsoka, abale. Wailesi ikakana kulira amaitana ine, ayironi ikafa amaitana ine. Choncho atate anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, kawafune amako." Ndinawafotokozera kuti pa intaneti pali zofufuzira, zija umalembamo chimene ukufuna n'kukundandalikira malinki, timizere ta buluu timene ukadina timakufikitsa pa tsamba lake. Ndinati mwina tsamba lina linakopera chithunzicho loji isanafe. Kunena zoona ndinkayesa kuti ndi ntchito ya masana amodzi.

Pakhomo tinali ndi zofufuzira zitatu zosiyana, ndipo atate sanachedwe kuzipatsa kwawo. Cha m'foni yanga anachitcha wa ku Nottie Broadie, dera la anthu ochita bwino m'tauni muno, ati chifukwa pabwalo pake ndi posesa ndipo amayankha mwaulemu, mwachidule, osakuitanira m'nyumba. Cha m'laputopu yanga yakale chinakhala wa ku Nakatindi, chifukwa ukachifunsa njira ya kuchipatala chimayamba chakugulitsa ulendo wa pabwato wokaona mvuu. Chachitatu chinali m'foni ya azakhali. Azakhaliwa ndi akulu awo a atate. Anabwera kuchokera ku Katete pa maliro a amayi, ndipo mpaka lero akunyamuka mawa. Foni yawo anaigula pamsika, ndipo inabwera ndi chofufuzira chimene sindinachionepo kwina kulikonse, chounjika zakale ndi zatsopano mulu umodzi ngati zovala za salaula, zija za kaunjika. Atate anati ameneyo ndi mnzathu wa ku Maramba, ndipo azakhali ananyada nazo ngati awayamikira mwana.

Tsiku loyamba tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndi foni, atate pampando wawo, chipewa kumutu. Nditangoyamba kulemba dzina la loji anandigwira dzanja.

"Wayamba bwanji kufunsa munthu osam'patsa moni?"

"Ba Tata, si munthu. Ni makina chabe."

"Makina amene akudziwa kumene kuli amako ndi munthu. Pereka moni."

Ndinafuna kuyankha zina, koma ndinameza. Ndinalemba kuti muli bwanji. Wa ku Nottie Broadie anatibweretsera masamba ophunzitsa azungu kupereka moni m'Chinyanja, ndipo pamwamba penipeni panalembedwa kuti ndili bwino, kaya inu. Atate anagwedeza mutu mokhutira. "Waona? Waleredwa bwino." Kenako anayamba kundilembetsa: ndiwauze kuti ndi mayi wamfupi, wa kwaya ya amayi, kwawo ku Katete, ali ndi kachipsera pachigongono kamene anapsa ndi ayironi ya makala. Ine ndinkagwedeza mutu n'kumalemba zanga.

Malinki anabwera, ndipo tinayamba kudina. Loyamba linatifikitsa pa tsamba loyera mbee, pakati pake manambala atatu, 404, ndi mawu akuti tsamba silikupezeka. Atate anafunsa tanthauzo. Ndinati tsambalo kulibenso, eni ake anasiya kulisamalira, linafa. Ndinalakwa kunena mawu amenewo. Atate ndi wa komiti ya maliro kutchalitchi kwathu, munthu amene akamva nyimbo ya maliro patali amaimitsa njinga. Anavula chipewa, kuchigwira pachifuwa, kukhala chete pang'ono, kenako kuchivala. Azakhali ali poteropo anati, "Pepani." Ndinadina linki ina, nayo yakufa. Chipewa chinatsikanso. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la Livingstone likuswa mtengo, ndipo dazi la atate linkatuluka ndi kulowa m'chipewa mpaka linayamba kunyezimira.

Tinasaka choncho masiku angapo, ine ndikaweruka kuntchito. Tikatopa ndi foni yanga tinkatsegula laputopu, tikatopa nayo tinkabwereka ya azakhali. Ndipamene ndinazindikira kuti tauni yathu pa intaneti ndi manda enieni. Maloji amene anatsekedwa, makampani opalasa alendo pamtsinje, ogulitsa ziboliboli, onse anasiya malinki awo ali ndii panjira, ukagogoda mulibe munthu. Atate anagwira ntchito ku njanji moyo wawo wonse, ndipo zimenezi zinawapsetsa mtima kuposa ine. Anati sitima kuchedwa si mlandu, koma munthu wokulozera njanji imene inazulidwa kalekale ndi mfiti.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero tsiku lina. "Nanga ife atatu? Masiku akutha. Tiwazenge mlandu. Amene akutitumiza kwambiri ku nyumba za maliro tim'chotse ntchito, titsale ndi mmodzi wonena zoona."

Loweruka masana anaika mbale zitatu pa tebulo pansi pa mango, ina patsogolo pa foni yanga, ina pa laputopu, ina pa foni ya azakhali. Pakati panali lichero la mtedza wokazinga. Lamulo linali lakuti funso limodzimodzi lizipita kwa onse atatu, tizidina malinki onse a patsamba loyamba, ndipo linki iliyonse yakufa, mtedza umodzi m'mbale ya amene watinamiza. Mayi wina woyandikana nafe anasuzumira pampanda, kuona mkulu wa mpingo akuvula chipewa pamaso pa mafoni n'kumaponya mtedza m'mbale, ndipo Lamulungu lake abusa anawafunsa atate mwakachetechete ngati pakhomo zonse zili bwino.

Milandu ina inali yovuta kugamula. Linki ina inkangozungulira, osatseguka, osakananso. Ine ndinati yafa. Azakhali anati, "Iyayi, ikupuma! Munthu wodwala mumamuika m'manda?" Atate anagamula kuti tidikire mpaka madzi a tiyi awire, ikapanda kudzuka ndiye kuti yatisiya. Ina inatsegukadi, dzina la loji ya amayi lili pamwamba, koma m'kati mwake munali anthu obetcha mpira ndi atsikana ovala zosavala. Anthu ena anali atagula adiresi ya lojiyo. Atate anatseka maso ndi chipewa. Anati imeneyi si imfa wamba, ndi nyumba ya malemu imene yasanduka bala, ndipo anaponya mtedza uwiri.

Koma panali chodabwitsa. Wa ku Maramba ankatipititsa ku maliro pafupifupi linki iliyonse, ine ndikuona ndi maso angawa, koma mbale yake sinkadzaza. Ya ku Nakatindi inkakwera, yanga inali ndi wochepa, ya azakhali ili pomwepo. Ndinayamba kukayika mutu wanga. Kenako ndinaona timakoko tofiira pachifuwa cha bulauzi yawo, ndi nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono ngati za ng'ombe yogona pamthunzi.

"Ba Anti! Mukudya umboni!"

"Ndani? Ine?" anatero, pakamwa podzaza. "Ndimangolawa ngati wapsa bwino."

"Nanga bwanji mukulawa m'mbale yanu yokha?"

"Ndiyo ili pafupi. Ukufuna munthu wamkulu ndizitambasuka ngati nyani?"

Ndinapsa mtima. Ndinati ine ndasiya kuchapa, ndasiya kupuma, ndawotcha mabandulo, wina ali pano akudya chigamulo cha khoti! Atate anandiuza kuti nditsitse mawu, awa ndi akulu awo. Kenako anatembenukira kwa iwo mwaulemu wonse n'kuti, "Alongo, mwaononga mlandu." Azakhali anayankha kuti, "Iwe, ndinakubereka kumsana ukundikodzera, lero undiweruze chifukwa cha mtedza?" Atate anaimirira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nyemba zouma, zosaphika, ndipo mlandu unayambiranso.

Ndi nyemba chilungamo chinaoneka. Mbale ya wa ku Nottie Broadie inali ndi tinyemba tongobisa pansi pake. Ya wa ku Nakatindi inafika pakati, ndipo atate anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ya wa ku Maramba inadzaza, kusefukira, nkhuku n'kumatola zogwa pansi n'kumazilavula. Atate anaimirira, kukonza kolala, n'kulengeza kuti kuyambira tsikulo wa ku Maramba asafunsidwenso kanthu pakhomo pano. Azakhali anakulunga foni yawo m'chitenje ngati khanda lonyozedwa n'kupita kuseri kwa nyumba, akunena kuti mawa lomwe akunyamuka. Ine ndinanyada, sindibisa. Ndinayenda pabwalopo ngati ndine ndinapanga chofufuziracho.

Kunyada kwanga sikunakhalitse. Wa ku Nottie Broadie sankanama, zoona. Linki iliyonse imene ankatipatsa inkatseguka bwinobwino. Koma za loji ya amayi sankadziwa chilichonse, ngati sinakhalepo padziko. Ukalemba dzina lake ankakufunsa mwaulemu ngati ukutanthauza loji ina. Ndikasaka pa zithunzi ankatibweretsera amayi ena ovala yunifolomu, akumwetulira, atanyamula matawulo opinda. Ndinkawaonetsa atate mmodzimmodzi, iwo n'kumati, "Awa ndi akazi a eni." Chipewa chinasiya kutsika, koma nkhope ndiyo inagwa. Anasiya ngakhale kundikumbutsa za moni.

Tsiku lomaliza la mwezi wosema miyala anatumiza uthenga kuti akapanda kulandira chithunzi masana amenewo, mwala udzavundukulidwa wopanda nkhope. M'mawa atate anavala jekete, kutenga chithunzi cha amayi cha pa khadi la kutchalitchi, chija akuoneka ngati akukufunsa chifukwa chimene sunapereke chachikhumi, n'kuchilowetsa m'thumba la pachifuwa. Anakhala pampando akumanga zingwe za nsapato nthawi yaitali. "Basi," anatero, osandiyang'ana. "Akhale wokwiya. Anthu adzati wakwiyira ine, ndipo sadzanama. Ndalephera kum'peza." Zinandiwawa kwambiri. Ndinalowa kukhitchini n'kumatsuka kapu yotsuka kale kuti asandione m'maso.

Ndili momwemo tinamva mfuu kuseri kwa nyumba. "Mayo ine! Mayo! Bwerani kuno!" Ndinathamanga ndi mpini wa khasu, ndikuti ndi njoka. Ndinapeza azakhali atakhala pansi miyendo tambalala, chibwabwa chimene ankasadzula chitamwazika, foni ataigwira kutali ndi thupi ngati mbale yotentha.

"Mlamu wanga!" ankangotero. "Mlamu wanga uyu!"

Kani masiku onse aja, chiwachotsereni mnzawo ntchito, iwo ankabisala kuseriko n'kumamufunsabe, ati kuti ayeretse dzina lake. Chizungu chimawavuta, ndiye anakopera dzina la loji chilembo ndi chilembo kuchokera pa chikwama chakale cha amayi, n'kumangoyang'ana zithunzi. Ine pa foni imeneyo zithunzi sindinayesepo, chifukwa inkatenga chaka kuti itsegule chimodzi ndipo inkatentha ngati mbaula. Iwo nthawi anali nayo. Anatsika, kutsika, kudutsa mabedi, mvuu, azungu opsa ndi dzuwa, mpaka pansi penipeni pa mulu. Ndipo apo panali kachithunzi kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu: nsalu zoyera pachingwe, mayi wamfupi atagwirira chingwecho, mutu chagada, pakamwa yasa.

Atate anafika nsapato imodzi yosamanga. Anawerama, kuyang'ana. Ndisanatsegule pakamwa kuti wina asakhudze, azakhali anati, "Dikira ndikukulitsire," n'kudina ndi chala chawo cha chibwabwa. Sikirini inayera mbee. Manambala atatu aja.

Kalanga ine! Dzanja la atate linanyamuka lokha kupita kuchipewa n'kuima panjira. Ndinalanda foniyo, ulemu nditauiwala, n'kudina pobwerera m'mbuyo. Inayamba kuganiza. Inaganiza, kuganiza, batire ili pa kamzere kofiira, magetsi atathima chiyambire m'mawa. Azakhali anayamba pemphero, kulisiya pakati, kuyamba lina. Kenako tizithunzi tinayamba kubwera kamodzikamodzi, bedi, mvuu, mzungu, ndipo amayi anatulukiranso pakona pawo akuseka. Ndinajambula sikirini, kutumiza ku foni yanga, ku laputopu, kwa achibale onse a ku Katete, ndipo m'chipwirikiticho ndinatumizanso kwa bwana wanga wa kuntchito, amene anayankha kuti zikomo.

Titakhala pansi atate anafunsa kuti zatheka bwanji, wabodza uja ndiye akhale nacho, wachilungamo alibe. Ndinawafotokozera mmene ndikudziwira. Ndinati zofufuzirazi zimayendera masamba n'kumasunga tizithunzi tating'ono ta zimene zaona. Wa ku Nottie Broadie amayendera kawirikawiri, akapeza kuti tsamba lafa amalisesa, kalikonse ka pamenepo n'kutaya. Wa ku Maramba ndi waulesi, anadutsa pa loji paja kalekale, ndipo sanabwerereko kukaona ngati anthu akadalipo. N'chifukwa chake amatumiza anthu ku mabwinja, n'chifukwa chakenso akadali ndi amayi.

Atate anayang'ana foni ya azakhali ili pamphasa.

"Ndiye kuti uyu sanamve za maliro," anatero.

"Sanamve, ba Tata."

"Kwa iye amako akadali pantchito, akuyanika."

Ndinangogwedeza mutu.

"Musamuuze," anatero atate. Ndipo anatenga mbale ya nyemba ya wa ku Maramba ija, imene inali ikadali pawindo, n'kuipereka kwa azakhali ndi manja awiri, ati akaphike. Azakhali anailandira ngati mfumukazi yolandira msonkho, n'kunena kuti za ulendo wa mawa aziganizanso.

Kwa wosema miyala kunabuka vuto lina. Atakulitsa kachithunziko pa kompyuta yake n'kusindikiza papepala, nkhope ya amayi inasweka kukhala timabokosi, tina tofiirira, tina toyera, ngati nsalu ya mandasi yothimbirira mafuta. Maso osaoneka, mphuno osaoneka. "Ba mdala, iyi pikicha ni ing'ono maningi," anatero wosemayo. "Izanichititsa manyazi. Lekani niikonze, niikeko maso na meno ya muntu wina, sibazaziba." Atate anamuyang'ana mpaka mwamunayo anayamba kukanda m'khosi. Kenako anatenga pepalalo n'kutuluka nalo panja okha. Ine ndinatsala ndikukangana ndi wosema za kukula kwa zilembo. Atabwerera anaika pepala patebulo n'kuti, "Muike chomwechi."

Panjira ndinalankhula mpaka kukamwa kuuma. Ndinati ba Tata, anthu adzatiseka, adzati tinaika mapu pamanda a amayi. Ndinati bola chokwiya chija, munthu akuoneka kuti ndi munthu. Iwo ankangokankha njinga yawo. Titafika pa msika anandigulira chimanga chowotcha ngati mwana wolira, ndipo ndinadya ndili wokwiya.

Tsiku lovundukula mwala kunadzaza anthu: achibale a ku Katete, kwaya ya amayi ndi mayunifolomu awo, ndi amayi angapo amene ankachapa nawo pa loji paja. Tonse tinaunjikana kuzungulira manda monga mwa mwambo. Abusa anapemphera, kwaya inaimba, azakhali ndi ine tinagwira nsalu yoyera n'kuichotsa pamwala. Anthu anawerama, kutsinzina diso limodzi, kuyang'anana. Ndinamva wina kumbuyo akunong'ona kuti kodi chanyowa ndi mvula? Wina anati mwina wosema anali ataledzera. Ndinafuna nthaka itseguke ndilowe pambali pa amayi.

Atate anakweza dzanja. "Bwererani m'mbuyo," anatero.

Anthu anasuntha pang'ono, mwaulemu.

"Ayi, bwererani ndithu. Abusa, inunso."

Ndiye taganizani khamu lonse likuyenda chafutambuyo m'manda, azimayi atakwinya zitenje, abusa atakumbatira Baibulo, azakhali akuponda manda a eni n'kumati pepani, pepani, sindinaone. Atate ankatikusa ndi manja ngati woimika basi. Tinadutsa mzere umodzi wa manda, wachiwiri, mpaka misana yathu inagunda mtengo wa m'mbali mwa kanjira. Pamenepo anati, "Basi. Yang'anani."

Timabokosi tija tinali titagwirana. Pamwala panali amayi, mutu chagada, mano onse pabwalo, atagwirira chingwe chawo. Mmodzi wa amayi a ku loji aja anaomba m'manja n'kukuwa kuti, "Ni tsiku ya wigi!" Mnzake anaphulika kuseka, wachitatu anakhala pansi pa manda a munthu wosamudziwa, ndipo kuseka kunayenda m'khamu lonse, ngakhale a ku Katete amene nkhani ya nyani sankaidziwa. Abusa anayesa kubisa nkhope m'Baibulo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi, mamina ndi misozi, ndipo sindinasamale kuti andiona ndani.

Ndipamene ndinadziwa chimene atate anakachita panja kwa wosema miyala. Anakapachika pepala lija pampanda n'kumabwerera m'mbuyo mpaka mkazi wawo anatulukira.

Mpaka lero tikapita kumanda, atate safika pamwala. Amaima pa mtengo uja, njinga ataitsamiritsa, chipewa chili kumutu, chifukwa ati munthu woseka savulirwa chipewa. Ine ndi amene ndimapita ndi khasu kukapalira udzu ndi kupukuta fumbi pa timabokosi tija. Tsiku lina ndinawaitana kuti, "Ba Tata, bwerani muone mmene maluwa aphukira." Anapukusa mutu, maso ali pamwala.

"Palira iwe, mwana wanga," anatero. "Ine ndikayandikira amachoka."